Chishalo Chogwada

Nkhani ya mmene mwamuna wa Tsabola anagwera pa njinga inali pawiri. Panali zimene zinachitika, panalinso zimene ankafotokoza a Tcheya. Zimene zinachitikazo zinkangokhala pakhomo, pampando wapakhonde, dzanja lamanja lili pamiyendo. Za a Tcheya zinali ndi mapazi. Zinkafika ku kalabu ya okwera njinga zam'mapiri, kometera tsitsi, mpaka musitolo ya mankhwala momwe Tsabola ankagwira ntchito. Munthu amabwera kudzagula mankhwala a chifuwa, n'kutsamira pakauntala ngati wabwera kudzapepesa maliro.

"Pepanitu mayi, tamva za abambo. Akuti anachita mantha n'kutsinzina ali pakati pa mtsetse?"

Tsabola ankamwetulira monga ankafunira abwana ake, n'kukulunga mankhwalawo bwinobwino, koma mumtima mukuwira. Dzina lakelo sanamupatse pachabe.

A Tcheya anali mkulu wake wa mwamunayo, bere limodzi. Iwo anali oyamba kubadwa, iye womaliza, ndipo ngakhale ndevu zake zinali zitayamba imvi, ankamuitanabe kuti Chitsiriza, anthu onse n'kutengera pomwepo. Utcheya wawo unali wa kalabu ya njinga ija, kagulu koti kakhoza kukwana mu minibasi imodzi, koma ankausenza ngati wachita kuwagwera kuchokera kumwamba. Anali munthu wamtali, wa mawu ogunda, woseka asanamalize nthabwala yake yomwe. Ndipo anthu ankaseka nawo, chifukwa ukapanda kuseka nthabwala yotsatira imakhala ya iwe.

Chinayambitsa zonse ndi chitsulo chimene chimanyamula chishalo cha njinga. Chitsiriza anagula chamakono, chotsika ndi kukwera. Ukadina kabatani ka pahandulo uli chikhalire, chishalo chimatsika nawe. Ukadinanso utaimirira pa mapedulo, mpweya umene uli mkati umachikankha n'kubwerera m'mwamba chokha. Anachimanga limodzi ndi mkazi wake mugalaja, momwe munalinso mogwirira ntchito yake yolemba zikwangwani, pakati pa zitini za penti ndi mabulashi oviika m'mabotolo. Tsabola ndi amene anagwira pampu. Mwamunayo ankalongosola ngati mphunzitsi wokonda phunziro lake: pokwera phiri umafuna chishalo chili pamwamba kuti mwendo uziwongoka, koma potsika pamalo oongoka chishalo chapamwamba chimakugunda kumbuyo n'kukuponyera kutsogolo kwa handulo. Chikatsika, thupi limabwerera m'mbuyo, umakhala pafupi ndi nthaka, njinga imamvera. Atamaliza anatenga kabulashi n'kudontheza kadontho ka penti wachikasu pachitsulopo, posonyeza pamene chiyenera kulekezera mufelemu.

M'mawa wake anapita nayo ku kalabu ali wonyada ngati mwana wovala nsapato zatsopano. A Tcheya anaizungulira njingayo manja ali kumbuyo.

"Ichi n'chiyani, Chitsiriza?"

Iye anakwera, anadina, chishalo chinatsika. Anadinanso, chinakwera.

"Ha! Anthuni tabwerani mudzaone! Njinga yogwada!"

Kuyambira pomwepo chitsulocho chinatchedwa chogwada. A Tcheya anachiweruza ataimirira pomwepo. Anati n'cholemera. Anati chili ndi waya wowonjezera amene adzaduke tsiku loipa. Anati chikamwa matope chimafa, ndipo amene anachipanga ankaganizira anthu amantha amene ali ndi matumba olemera.

"Ife tatsika Lilime zaka zonsezi chishalo chili m'mwamba. Mwamuna sagwada. M'banja mwathu mulibe zimenezo."

Anatulutsa kasipanala kopindika m'thumba la malaya, n'kumasula chogwadacho anthu akuonerera, waya ndi kabatani komwe. Anatenga chitsulo chakale m'buti ya galimoto yawo, anamangapo chishalo, n'kuchikweza molingana ndi miyendo yawo yaitaliyo, ati kuti mwana aphunzire. Chitsiriza ankangoseka nawo, kuseka kwa wamng'ono amene wazolowera kulandidwa zinthu. Amene anayankhula anali Tsabola.

"Alamu, kodi njingayo ndi yanu?"

"Mlamu wanga, tsabola wakale sawawa. Kwerani yanuyo tizipita."

Anthu anaseka chikhakhali, ulendo unayamba.

Lilime ndi dzina limene okwera njinga anapatsa thanthwe lina losalala, lotsetsereka kwambiri, limene lili m'mitengo chakumapeto kwa njira yawo. Ukalitsika umakhota kuseri kwa zitsamba, kenako umatulukira pabwalo la udzu pamene pamathera ulendo. Tsabola anali kumbuyo kwa mwamuna wake tsiku limenelo, ndipo anaona zonse ndi maso ake. Mwamunayo sanatsinzine. Anayesa kubweza thupi m'mbuyo, chishalo chinamutchinga, tayala lakutsogolo linagunda muzu, lakumbuyo linanyamuka, munthu n'kuuluka. Anatsamira dzanja lamanja. Kulira kwa fupalo Tsabola anakumva ali pamwamba pa thanthwe.

Chikhakha anachichotsa patapita miyezi, koma dzanja silinabwerere. Zala zinkapinda pang'ono n'kuima. Munthu amene ankalemba zilembo zowongoka popanda lula tsopano ankalephera kugwira bulashi. Ankakhala pakhonde akufinya kampira kamene anamupatsa kuchipatala, kampirako kosamva kanthu.

Koma chimene chinkamudya Tsabola kuposa dzanjalo chinali china. Mwamuna wake anayamba kuifotokoza nkhaniyo mmene ankaifotokozera a Tcheya. Mlendo akafunsa, ankayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndinalakwitsa ndine. Mwina ndinatsinzinadi. Njinga zam'mapiri zimafuna mtima, ine ndilibe." Tsabola akamutsutsa, ankamuyankha mofatsa kuti achimwene amadziwa, atsika pamenepo kambirimbiri osagwa. Dzanja adokotala ankalimbana nalo. Koma munthu amene wavomera kuti ndi wamantha pomwe si wamantha, ameneyo palibe chipatala chake. Tsabola ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuti mwamuna wake adziwe, ndi anthu onse adziwe, amene anamugwetsa.

Tsiku lina anawafunsa a Tcheya kuti chogwada chija chili kuti.

"Ndinachitaya kudzala, mlamu. Chinthu chatsoka chimenecho. Munthu anangochigwira tsiku limodzi, mtima n'kuphunzira kugwada."

Tsabola anawasunga mawuwo. Mlandu suwola.

A Tcheya ankakhala m'nyumba yosanja yopanda bwalo, choncho njinga yawo ankadzaitsukira kwa mng'ono wawo, komwe kunali mpopi wapanja ndi paipi. Loweruka lina masana, mawa lake kuli ulendo waukulu wa kalabu umene mabanja amabwera kudzaonerera, anabwera monga mwa nthawi zonse. Anaitsuka, anaikankhira mugalaja kuti iume, ati adzaitenga m'mawa. Kenako anakhala pakhonde, anamwa tiyi wa Tsabola, anamusisita Chitsiriza paphewa n'kumuuza kuti alimbe mtima, si onse anabadwira kukwera njinga. Sankaopa kuisiya. Ankadziwa kuti mng'ono wawo salowanso mugalajamo, ndipo mkazi sankamuwerengera kuti ali ndi maso.

Atachoka, Tsabola analowa kukatenga tsache. Njinga ya a Tcheya inali itatsamira khoma, madzi akudontha. Kwa kanthawi ndithu a Tcheya anali atavindikira chitsulo cha chishalo chawo ndi chidutswa cha chubu chakale, kuchokera pansi pa chishalo mpaka pafelemu, ati kuteteza matope. Palibe amene anafunsa. Koma tsiku limenelo chubucho chinali chonyowa, kuwala kwa pazenera kukuchimenya chammbali, ndipo Tsabola anaona makwinya. Anali makwinya opingasa, ambiri, othithikana. Aliyense amene anasitapo buluku amadziwa kuti nsalu imachita makwinya pamene imapindika. Nanga chubu chovindikira chitsulo chosayenda chingapindike bwanji?

Anaika tsache pansi. Anakokera chubucho m'mwamba ndi zala ziwiri. Pansi pake panali chitsulo chakuda chonyezimira, ndipo chakumunsi kwake panali kadontho ka penti wachikasu.

Anapapasa kunsi kwa handulo yakumanzere. Kabatani kanali pomwepo, kokulungidwa ndi tepi wakuda, waya wake atamumatiza ku waya wa buleki kuti azioneka ngati mmodzi. Anatsamiza mimba pachishalo, anadina. Chishalo chinatsika naye mwaulemu, osachita phokoso. Anadzuka, anadinanso. Chinakwera.

Tsabola anakhala pachitini cha penti. Tsopano anamvetsa chifukwa chake masiku amenewa a Tcheya ankathamanga kwambiri pachitunda chomaliza n'kukafika pa Lilime ali okha. Ankagwada m'mitengo mopanda mboni, n'kudzuka kuseri kwa zitsamba, n'kutulukira pabwalo chifuwa chili patsogolo. Ndi chitsulo cha munthu amene anali pakhonde panja apo, akufinya kampira. Tsabola sanalire. Anadana nawo a Tcheya ndi mtima wake wonse, chidani choyera chopanda chisoni mkati, ndipo chinamukomera.

Anatenga kasipanala kopindika pakhoma. Pakabatani paja panali kabawuti kakang'ono kogwira waya. Kukamasula pang'ono chabe, kabatani kakanangokhala chidole. A Tcheya akanafika pamwamba pa Lilime ali pa liwiro la munthu wodalira chogwada, akanadina, chishalo chikanakana, ndipo akanalawa mankhwala amene anamwetsa mng'ono wawo. Tsabola analowetsa kasipanalako m'kabawutimo. Anawaona m'maganizo akuuluka. Anamva fupa likulira. Sanachite nazo mantha.

Chimene chinamuletsa si chifundo ayi, tisamunamizire. Anaganiza za mawa lake. A Tcheya ali pabedi kuchipatala, anthu a kalabu atazungulira ndi majumbo a zipatso, iwo akufotokoza ndi mawu ogunda aja mmene anamenyanirana ndi thanthwe ngati mwamuna. Apongozi akuimba foni kuti mlamu wanu alibe womuphikira. Mwamuna wake akukhala pambali pa bedilo, akupepesa. Ndipo chubu chija chikanakhalabe pamalo pake, chitavindikira zonse. Wogwa anthu amamumvera chisoni. Tsabola sankafuna kuti a Tcheya alandire ngakhale kadontho ka chisoni. Ankawafuna athunthu, opanda bala, maso onse akuona, makutu onse akumva.

Anachotsa kasipanalako. M'malo mwake anamasula mabawuti awiri a pansi pa chishalo, n'kuchichotsa. Pamutu pa chitsulocho panali kavalavu kamene iye mwini anapoperapo mpweya tsiku limene ankachimanga lija. Anazula kapini m'tsitsi lake, anakanikiza. Mpweya unatuluka, psiii, mpaka unatheratu. Anabwezera chishalo, anayesa. Chinatsika bwinobwino monga kale. Anadinanso, chinangokhala pansi, duu. Anachita kuchikoka ndi dzanja kuti chibwerere m'mwamba, chinakhazikika. Anasalaza chubu, anapukuta zala zake, anatola tsache n'kukasesa kukhitchini akuimba.

Ntchito yovuta inali kumutulutsa mwamuna wake pakhomo. Chigwereni anali asanapondeko kubwalo kuja.

"Mawa mudzandiperekeze. Mukandigwirire madzi."

"Iwe, anthu akandiseka."

"Akukusekani kale muli pakhonde pomwe pano. Bola mukawaone nkhope."

Mawuwo anamulasa, Tsabola anaona, koma sanawabweze. M'mawa mwamunayo anavala malaya a manja aatali, n'kukwera galimoto.

Pabwalo panali anthu ambiri. Akazi ndi amuna a okwera njinga anali atayala nsalu paudzu, ena atabweretsa mipando yopinda ndi maambulera. A Tcheya anali pakati, chisoti chili m'manja, akulangiza atsopano. Mmodzi mwa atsopanowo, dokotala wa mano amene anali atangolowa kalabu, anafunsa funso limene Tsabola akanalipempherera akanadziwa.

"A Tcheya, musitolo andiuza za zitsulo zotsitsa chishalo zija. Kodi n'zoyenera kugula?"

"Adokotala, inu zulani mano, za njinga tisiyireni ife. Mukafuna kudziwa za chogwada, funsani mng'ono wanga ali apoyo. Chinthu chimenecho chimalowa mumtima. Ukachikwera kamodzi, ngakhale achichotse, umakagwadabe wekha pathanthwe, ndi nkhope yomwe."

Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Chitsiriza anabisa dzanja lake kumbuyo kwa botolo la madzi. Tsabola anamanga lamba wa chisoti chake pansi pa chibwano, mumtima akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Iye analibe chogwada. Chishalo chake anachimangiratu chotsikirako asananyamuke, kuti pa Lilime chisakamuvute, podziwa kuti mtengo wake akaulipira ndi maondo pokwera. Ndipo anaulipiradi. Gulu linayenda limodzi m'njira ya fumbi, linadutsa pamlatho wamatabwa, linalowa m'mitengo. Pachitunda chomaliza a Tcheya anasintha giya n'kuyamba kuthawa monga mwa chizolowezi. Amuna ena anawasiya apite. Tsabola anaimirira pa mapedulo n'kuwamamatira. Ntchafu zinkayaka, pakhosi pankamveka magazi, thukuta likulowa m'maso. Nthawi iliyonse imene miyendo inkati basi, ankakumbukira kampira kaja.

A Tcheya anacheuka, anadabwa.

"Mlamu, mwadya chiyani lero?"

"Mkute, alamu," anayankha akupuma movutikira. "Wakalekale."

Atayandikira pamwamba, Tsabola anachepetsa dala liwiro. Anawasiya atsogole mpaka mitengo inawabisa pang'ono, kuti mtima wawo ukhale m'malo. Atafika pamlomo pa thanthwe anawaona pansi pake. Chishalo chinali chitatsika, thupi lalitali lija lili m'mbuyo, lili pansi, njinga ikuyenda mosalala ngati madzi. Anatsika mokongola, zoona zake n'zimenezo. Anatsika mmene akanatsikira mwamuna wake akanamusiya ndi chinthu chake. Tsabola analuma mano, anasiya mabuleki, anawatsata.

Kuseri kwa zitsamba a Tcheya anaimirira pa mapedulo, chala chachikulu chinadina. Palibe chinachitika. Anadinanso. Anasuzumira pakati pa miyendo yawo. Anadina kachitatu mwaukali, njinga inagwedezeka. Kenako anayamba kumanga mabuleki, dzanja limodzi likupita kumbuyo kuti akoke chishalocho. Apo m'pamene Tsabola anafuula ali pafupi ndi tayala lawo.

"Alamu, mwatopa? Patukani ndidutse!"

Munthu wina akanaima n'kuvomera. Koma kwa a Tcheya kuima kunali kuonedwa akukoka chishalo, ndipo kudutsidwa ndi mkazi wa Chitsiriza pamaso pa bwalo lonse kunali imfa ina. Anabweza dzanja pahandulo n'kupalasa choimirira. Anatulukira paudzu ali choncho, anthu akuwomba m'manja. Koma kuchokera pazitsamba kufika pachingwe chomalizira ndi kamtunda ndithu, kokwera pang'onopang'ono, ndipo miyendo yawo inali itathera pachitunda chija pothawa mkazi. Anapalasa, anapalasa, ntchafu zinayamba kunjenjemera, nyama ya mwendo inakoka. Thupi silimva za ulemu. Anakhala.

Anakhala pansi penipeni. Munthu wamtali uja anapindika, maondo akufika m'makutu, zigongono zili kunja, ngati bambo amene wabwereka njinga ya mwana wake. Chubu chija chinali chitakwinyika pansi pa chishalo ngati sokosi yotha lasitiki.

Tsabola akanatha kuwadutsa, koma sanafune. Anakhala kumbuyo kwawo, kuwakusa, n'kutsegula pakamwa mmene mathero ake analili.

"Anthuni, tawaonani! A Tcheya agwada! A Tcheya agwadatu!"

Manja analeka kuwomba. Kenako mayi wina amene anakhala pampando wopinda anaphulika, ndipo bwalo lonse linatsatira. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Anaseka amene ankaseka nthabwala za a Tcheya mokakamizika zaka zonsezi, ndipo kuseka kwawo kunali ndi mano. Okwera njinga ena ankatulukira m'zitsamba mmodzimmodzi, kuona, n'kutsala pang'ono kugwa. Tsabola anakumva kusekako kukulowa m'thupi mwake ngati madzi ozizira tsiku lotentha. Anali atakudikira nthawi yaitali, ndipo kunakoma monga ankayembekezera.

A Tcheya anatsika njinga atadutsa chingwe, nkhope ili gwaa, akuyesa kuseka nawo.

"Bawuti yamasuka, anthu inu. Chitsulo changolowa mufelemu. Zimachitika."

"Ayi, pepani alamu, tikuthandizeni," anatero Tsabola.

Anagwetsa njinga yake paudzu, anapita, anagwira chubu chija ndi manja awiri n'kuching'amba kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anadina kabatani kobisika kaja anthu akuona, anakoka chishalo m'mwamba, chitsulo chakuda chinatuluka chikunyezimira. Anachikankhanso pansi. Kenako analoza ndi chala kadontho kachikasu.

Kuseka kunayamba kuzima, kuyambira kwa amene analipo tsiku lija. Onse ankamudziwa penti ameneyo, chifukwa ngakhale chikwangwani cha kalabu Chitsiriza anachilemba ndi penti yemweyo. Mmodzimmodzi anatembenuka kuyang'ana munthu wa malaya a manja aatali amene anaima kumapeto kwa bwalo ndi botolo la madzi.

Chitsiriza anaika botololo pansi. Anayenda pang'onopang'ono, anthu akumupatukira. Anawerama n'kuyang'ana kadonthoko nthawi yaitali. Tsabola ankamuyang'anitsitsa nkhope, chifukwa zonse anachitazi zinali za mphindi imeneyi. Ankaopa chinthu chimodzi: kuti aseka kuseka kwake kwa wamng'ono kuja, n'kunena kuti palibe kanthu achimwene.

"Munati munachitaya," anatero mwamunayo, mawu ali pansi.

"Chitsiriza, tamvera. Ndimafuna ndichiyese kaye, ndione ngati chili chotetezeka. Ndimachitira kalabu."

"Mwakhala mukutsika nacho Lilime."

A Tcheya anayang'ana anthu, kufuna woti awathandize. Dokotala wa mano anayang'ana nsapato zake.

"Mumatsika nacho, kenako mumabwera kwathu, mumakhala pakhonde panga, mumandiuza kuti ndilibe mtima. Ndipo ine ndimavomera."

"Aaa, mng'ono wanga, zapabanja tikakambe kunyumba. Pano pali anthu."

"Tsiku lija panalibe anthu?"

Chitsiriza anamasula batani la pamkono ndi dzanja lamanzere, anapinda malayawo mpaka m'chigongono. Chipsera cha opaleshoni chinaonekera, chachitali, chotuwa, ndi mkono umene unali utawonda kuposa unzake. Anautambasulira kwa mkulu wake monga munthu wopereka moni.

"Gwira."

Chikwatiwireni Tsabola anali asanamvepo mwamuna wake akuwayankhula a Tcheya popanda ulemu. Ngakhale ali awiri kuchipinda, ngakhale atakwiya, ankati achimwene, ankati iwo. A Tcheya nawo anamva.

"Iwe, ndati gwira dzanja langa."

A Tcheya anavula gulovu. Anatambasula dzanja lawo lalikulu n'kugwira la mng'ono wawo. Chitsiriza anayesa kufinya. Bwalo lonse linaona mitsempha ya pamkono ikudzuka, nkhope ikulimba, thukuta likutuluka pamphumi. Zala zinapinda pang'ono n'kuima m'malere, osakhudza n'komwe kuseri kwa dzanja la a Tcheya.

"Ndafinyatu pamenepa," anatero. "Ndi mphamvu zanga zonse. Wamva chiyani?"

A Tcheya anafuna kuchotsa dzanja lawo, koma Chitsiriza analigwira pamkono ndi lamanzere lija, lamphamvu, n'kulisunga pomwepo.

"Ndakufunsa. Wamva chiyani?"

"Palibe," anayankha a Tcheya, mawu awo osamveka bwino.

"Kweza mawu. Anthu akumbuyo sanamve."